Za Koleji Imene Inabwereka Nzeru Kumudzi

Ife a kuno ku Madziabango tikafuna kupita ku Blantyre, njira yathu ipyola pa Mpemba. Ndipo ambiri a ife tapitapo kosawerengeka, wina ndi thumba la makala panjinga, wina ndi dengu la matimati pamutu, osadziwa kuti nyumba za sukulu ya Boma zili pamenepo zinali nthawi ina chiwalo cha Yunivesite ya Malawi. Abale athu a ku Chileka ndi a ku Lirangwe nawonso, polowa m'mudzi waukuluwo, apita pafupi ndi misoni ya Blantyre, pamene pali sukulu ya Henry Henderson Institute, imene inatsegulidwa m'chaka cha 1909. Chotero maphunziro akuya sanayambire kutali ndi ife ai, anayambira pakhomo pathu pomwe. Mwezi uno tifuna kulongosolera owerenga athu mbiri ya koleji ya Chancellor; koma sitinena za m'kalasi kapena za mayeso, tinena za misonkhano ya madzulo ndi za masewero a pabwalo, pakuti m'menemo muli mlandu wokhudza ife eni midzi, ngakhale ambiri a ife sitinapondepo phazi pa kolejipo.

M'masiku a Nyasaland munalibe yunivesite m'dziko muno. Sekondale yoyamba, ndiyo Blantyre Secondary School, inatsegulidwa m'chaka cha 1940, ndipo mnyamata wofuna kupitirira pamenepo anayenera kuoloka malire, kunka ku Makerere m'dziko la Uganda, kapena ku Fort Hare ku South Africa, kapena ku Salisbury. Ndipo amene anapita anali owerengeka. Dziko litalandira ufulu pa 6 Julayi 1964, m'mwezi wa Okutobala chaka chomwecho anaika lamulo lokhazikitsa yunivesite. Ndipo pa 29 Seputembala 1965 ophunzira 90 anayamba maphunziro ku Chichiri, m'nyumba zimene kale zinali sekondale ya ana a Amwenye. Pofika chaka cha 1967 sukulu zina zinayi zinalumikizidwa: ya aphunzitsi ya Soche Hill, ya Polytechnic, ya ulimi ya Bunda, ndi ya Mpemba, kumene anaphunzitsa malamulo ndi kayendetsedwe ka Boma. M'chaka cha 1973 a ku Chichiri, a ku Soche ndi a ku Mpemba anasamukira onse ku Chirunga, m'tsinde mwa phiri la Zomba, nakhala koleji imodzi. Koma zimene tifuna kunena zinayamba asanasamuke, akali kuno ku Blantyre.

Tiyambe takumbutsana za nyengo imeneyo, pakuti ana athu saidziwa. Miyezi iwiri itapita chilandirire ufulu, nduna zina zinasemphana mau ndi Dr. Banda, ndipo zambiri zinathawa m'dziko. M'chaka cha 1966 kunatsala chipani chimodzi chokha, ndipo m'chaka cha 1971 Dr. Banda anaikidwa mtsogoleri wa moyo wake wonse. Munthu anakhoza kutengedwa usiku ndi kutsekeredwa zaka, osaonekera kubwalo la milandu. Ndipo akulu akumbukira kuti pofuna kutchula za Boma, ngakhale pa maliro, munthu ankayamba wacheuka. M'chaka cha 1968 kunachitika zinthu ziwiri zimene tiyenera kuzisunga mumtima powerenga mbiri iyi. Choyamba, Chichewa chinakwezedwa kukhala chinenero cha fuko lonse. Chachiwiri, anaika lamulo lokhazikitsa bungwe la Censorship Board, lokhala ndi mphamvu ya kuletsa buku lililonse. Ndipo sewero silinaloledwe kuonetsedwa kwa anthu bungwelo lisanaone mau ake ndi kupereka chilolezo. Koma pa koleji, ngakhale Chichewa chinakwezedwa motero, maphunziro ndi misonkhano zinayenda m'Chingerezi.

M'nyengo yotere, m'chaka cha 1970, ophunzira ena ndi aphunzitsi awo a ku Chichiri anayamba kusonkhana kamodzi pa mlungu, madzulo, kuti awerengerane zimene analemba. Gulu lawo analitcha Writers' Group, ndiko kunena gulu la alembi. Mwambo wake unali wotere: wolemba ndakatulo kapena nthano anaipereka kuti ichulukitsidwe pa makina, yense alandire pepala lake, anaiwerenga mokweza, ndipo atatha, onse anali ndi ufulu wa kuisanthula, kuiyamika kapena kuinyoza, wophunzira wa chaka choyamba chimodzimodzi mphunzitsi wamkulu. Mwa amene anadutsa m'gulu limeneli m'zaka zake titchule Jack Mapanje, Lupenga Mphande, Frank Chipasula, Steve Chimombo, Felix Mnthali, Anthony Nazombe ndi Ken Lipenga, ndi Azungu ena monga Landeg White ndi David Kerr. M'chaka cha 1971 anatulutsa kabuku ka ndakatulo 39, kotchedwa Mau, kosindikizidwa pa makina a misoni a Hetherwick Press ku Blantyre. Dzina la kabukuko ndi lathu, koma za m'kati mwake zinali m'chinenero cha sukulu.

Tsono anyamatawa anakomana ndi funso lovuta. Anaona anzao alikutengedwa, anaona mantha m'midzi ya kwao, nafuna kunena. Koma kunena poyera kunali kudzitengera ndende, ndipo m'chipinda momwe anasonkhanamo sanadziwe ngati onse okhala pamipando anadzera ndakatulo. Adzanena bwanji? Yankho sanalipeze m'mabuku a ku England. Analipeza kumene anachokera, ndiko kwa amai ao ndi agogo ao.

Pakuti ife a kumudzi luso limeneli tili nalo chiyambire kale. Mkazi amene mwamuna wake amzunza sapita kukaima pakhomo ndi kumlalatira. Atenga munsi, napita pamtondo, naimba nyimbo yonena za mbalame kapena za mtengo. Mudzi wonse umva, mwamunayo amvanso, koma sakhoza kuimba mlandu, pakuti dzina lake silinatchulidwe. Agogo posimba za Kalulu ndi Njovu, ana aseka, koma akulu adziwa njovu imene ilikunenedwa. Ndipo nkhoswe yochenjera pabwalo la milandu ikuluwika, kuti mfumu imve chidzudzulo popanda kuchita manyazi pamaso pa anthu ake. Ichi ndicho chuma chimene alembi a pa koleji anabwereka.

Taonani Steve Chimombo. Iye anatenga Napolo, chinjoka chimene makolo anati chikhala pansi pa phiri, ndipo posamuka chigumula nthaka ndi kukokolola midzi. Anthu a ku Zomba anakumbukira Napolo wa m'Disembala 1946, amene anagumula phiri ndi kuononga milatho ndi nyumba. Ndipo ife a ku Blantyre sitisowa wotifotokozera, popeza tinaona chimene chinatsika m'phiri la Soche kugwera anthu a ku Chilobwe m'Malichi 2023. Tsono munthu akalemba za chinthu chimene chidza usiku, chitenga uyu ndi kusiya uyo, ndipo otsala aopa ngakhale kufunsa, wopima mabuku adzamgwira ndi mlandu wanji? Si nthano ya makolo kodi? Chimombo yemweyo analemba sewero la M'bona, wobweretsa mvula uja amene kachisi wake ali ku Khulubvi m'boma la Nsanje, kumene ipita njira yathu ino ikatsikira ku chigwa cha Shire. Sewerolo, lotchedwa The Rainmaker, linasindikizidwa m'chaka cha 1978, ndipo linena za mneneri wosakidwa ndi mfumu. Anawathandiza m'zimenezi ndi wansembe wa Chikatolika wa ku Holland, Matthew Schoffeleers, amene anakhala zaka pakati pa Amang'anja a kuchigwa nalemba mbiri ya M'bona, ndipo pambuyo pake anaphunzitsa pa kolejipo. Ena anatenga dzenje la Chingwe, la pamwamba pa phiri la Zomba, m'mene akuti kale ankaponyamo anthu. Ndipo wowerenga wanzeru anadziwa kuti pafupi ndi Zomba pomwepo pali dzenje lina, ndilo ndende ya Mikuyu. Jack Mapanje anasankha bilimankhwe, kanyama koyenda mosamala ndi kosintha maonekedwe kuti kapulumuke, naika dzina lake pa buku lake loyamba, Of Chameleons and Gods, losindikizidwa ku London m'chaka cha 1981.

Koma mkuluwiko sutchinjiriza munthu masiku onse. Landeg White anapirikitsidwa m'dziko m'chaka cha 1972. Felix Mnthali anatsekeredwa m'chaka cha 1976, nthawi imene ophunzira bwino ambiri ochokera kumpoto anagwidwa. Frank Chipasula ndi Lupenga Mphande anachoka, nakhala kunja zaka zambiri. Buku la Mapanje linachotsedwa m'masitolo ndi m'sukulu m'chaka cha 1985. Ndipo pa 25 Seputembala 1987 mwini wake anagwidwa ku Zomba, natsekeredwa ku Mikuyu zaka zitatu ndi miyezi isanu ndi iwiri, kufikira Meyi 1991, popanda kuuzidwa mlandu wake kapena kuimirira pamaso pa woweruza.

Anthu awa tiwachitira ulemu, ndipo sitifuna kuchepsa masautso ao. Komabe pali mau amodzi amene tiyenera kunena, popeza tilemba ngati anthu a kumudzi. Nyimbo ya pamtondo ili ndi mphamvu chifukwa mudzi wonse uimva. Ndakatulo za ku Chirunga zinabisika kawiri: poyamba m'mkuluwiko, kachiwiri m'Chingerezi. Chotero amai aja amene luso lao linabwerekedwa sanamve konse kuti nyimbo yao ilikuimbidwa ku Zomba. Amene anatchera khutu anali ophunzira anzao, ndi Azungu a kutsidya kwa nyanja, ndi apolisi. Sitinena kuti akanalemba m'Chichewa zikanawayendera bwino. Kapena akanagwidwa msanga koposa. Tingonena kuti ngongole inatengedwa, ndipo pa njira imeneyi siinabwerere kwa eni ake.

Inabwerera pa njira ina, ndiyo ya masewero. Ndipo apa tifuna kukhalitsa pang'ono.

M'chaka chomwecho cha 1970, ku Chichiri komweko, mphunzitsi wina dzina lake John Linstrum anayambitsa gulu la masewero oyendayenda, lotchedwa Travelling Theatre, monga anachitira a ku Makerere zaka zingapo m'mbuyomo. Cholinga chinali chakuti masewero asathere pa koleji, koma atengedwe kunka kwa anthu. Koma anthu ake ati? Zaka khumi zoyamba masewero ambiri anali a m'Chingerezi, ndipo kumene anafika kunali ku sukulu za sekondale ndi za aphunzitsi. Galimoto inapyola midzi, fumbi lokha n'kutsalira ife. Ntchitoyo siinali yachabe ai: James Gibbs, amene anatsogolera gululo pambuyo pake, anasonkhanitsa masewero asanu ndi anai olembedwa ndi Amalawi, nasindikizidwa ku Limbe m'chaka cha 1976; ndipo ana a sekondale anatenga moto umenewo pa mpikisano wao wa chaka ndi chaka, umene unakonzedwa ndi bungwe la aphunzitsi a Chingerezi. Pa mpikisano umenewo ndi pamene anatulukira Du Chisiza wamng'ono, ali wophunzira pa Henry Henderson Institute pomwe paja, amene pambuyo pake anayambitsa gulu la Wakhumbata m'chaka cha 1987. Koma zonsezi zinali za anthu ovala nsapato.

Chaka cha 1981 ndicho chaka cha kutembenuka. Ndi chaka chodabwitsa, pakuti m'menemo buku la bilimankhwe linatuluka ku London, m'menemonso Dr. Banda anatsegula Kamuzu Academy ku Mtunthama, kumene ana osankhika anaphunzira Chilatini ndi Chigiriki kwa aphunzitsi Azungu. Ndipo m'mwezi wa Julayi ophunzira a Travelling Theatre anapita ku Mbalachanda, m'boma la Mzimba, dera la minda yaikulu ya fodya. Otsogolera gululo m'zaka zimenezo anali Christopher Kamlongera ndi David Kerr, amene anagwirapo ntchito yotere ku Zambia m'gulu lotchedwa Chikwakwa. Ku Mbalachanda anasiya mapepala oloweza pamtima, nasiyanso Chingerezi. Anapeka masewero pomwepo, m'chinenero chimene anthu anamva, onena za zimene anaziona m'deralo, monga kusadziwa kuwerenga, ukhondo wa pakhomo ndi ulimi.

Kuyambira m'chaka cha 1985 ntchito imeneyi inakula m'dera la Liwonde, ku Mwima ndi midzi yozungulira, pogwirizana ndi a zaumoyo amene anathandizidwa ndi Boma la Germany. Machitidwe ake anali otere. Ophunzira anafika m'mudzi, nayamba ndi kumvetsera: anacheza ndi amai pachitsime, ndi abambo pabwalo, kufunsa chimene chiwasautsa. Pamenepo anapeka nkhani ya banja limodzi, kapena ya chitsime chimene ziweto zimwamo pamodzi ndi anthu, kapena ya mwana wotsegula m'mimba, naisewera pansi pa mtengo, anthu atazinga mbali zonse, ndi nyimbo za m'mudzi momwemo. Ndipo nkhani itafika pothina, pamene mwamuna ndi mkazi alikukangana ndipo mwana ali gone, wosewera anatembenuka, nayang'ana oonerera, nawafunsa kuti achite chiyani. Apa ndipo panagona nzeru yonse. Anthu anayankha; wina anatsutsa mnzake; nkhalamba inadzudzula wosewera monga ngati ndi mkamwini wake weniweni; ndipo sewero linasanduka msonkhano, msonkhano nubala pangano la kukumba zimbudzi, kumanga chitsime ndi kusankha komiti ya zaumoyo. M'midzi ina anthu anayambitsa magulu ao a masewero, osadikiranso a ku Zomba.

Aphunzitsi a pa koleji anachitcha chinthu chimenechi kutsegula sewero, nalemba za icho m'mabuku amene awerengedwa m'maiko ambiri. Koma inu owerenga mwachizindikira kale. Ndani wa ife anamvapo nthano yosimbidwa kwa anthu okhala chete? Wosimba akayamba, omvera avomera kuti tili tonse, ndipo akaleka kuvomera nthano ifa. Mlandu wa pamudzi suweruzidwa ndi munthu mmodzi m'nyumba, koma pabwalo, pamene yense wokhala ndi mau aloledwa kuwatula. Ophunzira anabweza kwa anthu chinthu chao chomwe, chimene sukulu inawaphunzitsa kuchiyesa chachikale.

Alipo amene ananyoza, nati awa ndi masewero a zimbudzi, osayenera anthu a madigiri. Ndiponso ena anati gululo linathawa nkhani zazikulu za dziko ndi kubisala m'zazing'ono. M'mau achiwiriwa muli choona china, pakuti panali malire amene sakanatha kuwalumpha, ndipo mafunso ena sanafunsike. Koma mai amene anaika mwana m'manda chifukwa cha madzi oipa sadzavomera kuti chitsime ndi nkhani yaing'ono. Ndipo tikumbuke kuti m'zaka zimenezo msonkhano unatanthauza kukhala padzuwa, kumvera, kuomba m'manja ndi kuvina. Kuti anthu wamba afunsidwe maganizo ao poyera, ndi kuti mkazi ayankhe pamaso pa nyakwawa ndi wapampando wa chipani, sichinali chinthu chopepuka. Tionjeze kuti sewero limene theka la mau ake lituluka m'kamwa mwa oonerera silipimika bwino ndi munthu wokhala mu ofesi ndi cholembera.

Tsiku la kunena poyera linafika pa 8 Malichi 1992, pamene kalata ya Aepiskopi a Chikatolika inawerengedwa m'matchalitchi ao m'dziko lonse. Kalatayo siinakuluwike, inatchula umphawi, malipiro ochepa, kutsekera anthu popanda mlandu, ndi kutseka pakamwa, ndipo makope ake ambiri anali a m'Chichewa. Boma linaiyesa youkira, ndipo moyo wa Aepiskopi unali pangozi. Oyamba kutuluka m'miseu kuwavomereza anali ophunzira a Chancellor ku Zomba, patangopita mlungu umodzi. Koleji inatsekedwa, ndipo anzao a ku Polytechnic kuno ku Blantyre anatulukanso. Zotsatira zake muzidziwa: chisankho cha pa 14 Juni 1993, pamene anthu anasankha zipani zambiri, ndi cha pa 17 Meyi 1994.

Wina angayese kuti mantha anathera pomwepo. Koma m'Febuluwale 2011 mphunzitsi wa za ndale pa koleji yomweyo, Blessings Chinsinga, anaitanidwa ndi mkulu wa apolisi chifukwa cha chitsanzo chimene anapereka m'kalasi, poyerekeza kusowa kwa mafuta a galimoto ndi ndalama zakunja ndi zimene zinautsa anthu ku Tunisia ndi ku Egypt. Aphunzitsi anzake analeka kuphunzitsa, nati sangaime pamaso pa ophunzira pamene pakati pao pali akazitape. Anai a iwo anachotsedwa ntchito, ndipo mkanganowo unatha miyezi yambiri, kufikira anabwezedwa kumapeto kwa chakacho.

Lero maina asintha. Bunda inapatukana kale. Ndipo m'chaka cha 2021 Polytechnic inakhala yunivesite payokha, sukulu za madokotala ndi anamwino zinakhalanso yao, ndipo koleji ya ku Chirunga inatsala ndi dzina la Yunivesite ya Malawi, dzina la Chancellor nilitsala m'kamwa mwa anthu. Steve Chimombo anamwalira m'chaka cha 2015. Pa tsiku lolandira madigiri makolo achokera kumidzi, ena atagulitsa mbuzi kuti apeze ya ulendo, nakhala panja pa holo yaikulu kapena m'kati mwake, namva zonse m'Chingerezi kufikira dzina la mwana wao litchulidwa. Pamenepo nthungululu ndiyo iyankha.

Masewero a kumidzi aja afalikira, ndipo tsopano mabungwe ambiri awagwiritsa ntchito pa nkhani za Edzi, za maphunziro a atsikana, za mitengo ndi za chisankho. Ena achita bwino. Ena, tinene zoona, adza ndi yankho lao m'thumba: afunsa anthu funso, koma asanamve chimene anthu anena agawa malaya olembedwa mau, nakwera galimoto dzuwa lisanapendeke. Kuno ku Madziabango taona a mitundu yonse iwiri pabwalo la sukulu; ndipo kuwasiyanitsa sikuvuta, pakuti wosewera akatembenuka kufunsa khamu, amai okhala kutsogolo ayamba amuyang'ana kaye kumaso, kuti aone ngati adzadikira yankho.